Musanavale magolovesi, imvani za Gorimbo ndi Chilemba

Awa ndi mawu omwe mlangizi wa kalabu yathu anayankhula pa msonkhano wa Loweruka lapitali kuno ku Chezi. Tawalemba monga momwe anayankhulira kuti amene simunabwere muwerenge. Mukatha, tumizirankoni anzanu.

Zikomo apampando, zikomo komiti, ndi inu nonse achinyamata anzanga, anyamata ndi atsikana.

Pa msonkhano wathawu ena mwa inu munapempha kuti kalabu yathu iyambitse gulu lophunzira nkhonya ndi masewera aja mumaonera pa foni ndi ku vidiyo sho, omenyanirana m'khola, otchedwa MMA. Ena anawomba m'manja. Ena anati ayi, tikatero tiweta zigawenga, makolo atithamangitsa. Komiti yandipempha kuti ndiyankhulepo tisanavote sabata ya mawa. Ndiye ndikufuna ndikuuzeni za anthu awiri enieni amene akhala akudya za thukuta la masewera amenewa, wina wa ku Zimbabwe, wina Mmalawi mnzathu. Mukamva, muweruze nokha.

Poyamba tigwirizane kaye kuti MMA n'chiyani, chifukwa ena mumangoti ndi ndewu basi. Ndi masewera ophatikiza nkhonya, mateche, mawondo, zigongono, kugwetsana, ndi kukanyangana pansi. Kampani yaikulu kwambiri ya masewerawa ndi UFC, ya ku America, yomwe inayamba mu 1993 mumzinda wa Denver. Kuno ku Africa kuli EFC, ya ku Johannesburg, yomwe inayamba mu 2009. Ndime imodzi imatenga mphindi zisanu. Nkhondo wamba imakhala ya ndime zitatu, yolimbirana lamba imakhala ya ndime zisanu. Munthu amapambana akamukomola mnzake, kapena mnzakeyo akagonja yekha pogogoda pansi ndi dzanja, kapena oweruza atatu akawerengera mapointi. Kuluma n'koletsedwa, kutosa m'maso n'koletsedwa, kumenya kumaliseche kapena kunkhongo n'koletsedwa, kugunda ndi mutu n'koletsedwanso. M'khola mumakhala woimbira, panja pamakhala dokotala, ndipo awiriwo amayamba akwera sikelo kuti akhale a msinkhu umodzi pa kulemera. Mwamva kusiyana kwake ndi zomwe zimachitika kuseri kwa malo omwera mowa tsiku la msika, eti?

Tsopano za Themba Gorimbo.

Gorimbo anabadwa mu 1991 ku Bikita, m'chigawo cha Masvingo ku Zimbabwe. Ndi kumudzi, ngati kwathu kuno. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 9, bambo ake anatsatira iye ali ndi zaka 13. Ali ndi zaka 16 anapita ku Marange kukakumba dayamondi mozemba, nthawi imene anthu masauzande ankathamangira kumeneko chuma cha Zimbabwe chitagwa. Iye mwini amafotokoza kuti tsiku lina anagwidwa, agalu a achitetezo n'kumuluma thupi lonse, ndipo zipsera zake adakali nazo. Atachira anawoloka malire kulowa ku South Africa wopanda mapepala, njira yomwe ija abale athu ambiri a muno mu Dowa ndi Ntchisi anadzera popita ku Joni. Kumeneko anagwira maganyu osiyanasiyana, wina wake wa ugadeniboyi.

Za MMA anazidziwira pa filimu, ya mutu wakuti Never Back Down. Apa musekerere pang'ono, chifukwa inunso munazidziwira pa vidiyo. Koma tamverani zaka zake. Anayamba kuphunzira cha mu 2010. Lamba wa EFC anamutenga mu 2019, atagonjetsa Luke Michael. Zaka zisanu ndi zinayi. Ku UFC anakalowa mu February 2023, patatha zaka 13 chiyambireni. Mwana amene anayamba Sitandade 1 chaka chomwe Gorimbo anayamba kuphunzira, anali atalemba kale mayeso a Fomu 4 pomwe iyeyu ankaponda koyamba m'khola la UFC.

Nanga atafika kumeneko zinayenda? Ayi ndithu. Nkhondo yake yoyamba, yolimbana ndi AJ Fletcher, anagonja m'ndime yachiwiri atakanyangidwa pakhosi. Kenako anasamukira ku Miami kukaphunzira pa jimu ya MMA Masters, ndipo poti analibe ya lendi, ankagona pa sofa mu jimu momwemo. Mu May 2023 anamenyana ndi Takashi Sato wa ku Japan n'kupambana pa mapointi, kukhala munthu woyamba wa ku Zimbabwe kupambana mu UFC. Atapambana anaonetsa anthu zomwe zinali mu akaunti yake ya kubanki asanalowe m'khola: madola 7 ndi masenti 49. Munthu wooneka pa TV dziko lonse, m'thumba muli ya sopo ndi mchere basi.

Chomwe anachita pambuyo pake ndicho chifukwa ndasankha nkhani yake. Anagulitsa kabudula ndi magolovesi omwe anamenyera tsiku limenelo, anapeza madola 7,000, ndipo ndalamazo anatumiza kwawo kuti akakumbire mjigo, chifukwa anthu a m'mudzi mwawo ankamwa madzi oipa omwe iyenso anakula akumwa. Munthu wogona pa sofa, woti akanatha kulipira lendi ya miyezi ingapo, anayamba waganizira za amayi otunga madzi ku Bikita. Inu amene mumadzuka m'mamawa kukaima pa mzere pa mjigo mwezi wa October mukudziwa kulemera kwa mphatso imeneyo.

Nkhaniyi inamufika Dwayne Johnson, uja mumamuti The Rock. Iyenso anatsalapo ndi madola 7 mu 1995 atachotsedwa mu timu ya mpira ku Canada, n'chifukwa chake kampani yake ya mafilimu anaitcha Seven Bucks. Mu July 2023 anapita yekha ku jimu kuja, n'kumupatsa Gorimbo makiyi a nyumba ku Miami. Vidiyo imeneyo ambiri munaionera, ena munalira nawo. Chaka chotsatira, mu February 2024, Gorimbo anamukomola Pete Rodriguez m'masekondi 32 okha. Anapambananso kawiri chaka chomwecho, kwa Ramiz Brahimaj ndi Niko Price. Koma mu December 2024 anakumana ndi Vicente Luque wa ku Brazil, ndipo mphindi imodzi isanathe anali atakanyangidwa, nkhondo yatha. Miyezi yokonzekera, kutha ngati kuphethira. Ntchito yake ndi yotero.

Mwina wina akuti, amdala, amenewo ndi a ku Zimbabwe, ife Amalawi sitingafike kumeneko. Ndiye tiyeni tibwere kwathu.

Isaac Chilemba anabadwira ku Blantyre mu 1987. Iyeyu ndi wa nkhonya zenizeni za mu ring'i, zopanda mateche, koma moyo wake ndi wofanana kwambiri ndi wa anzake a m'khola. Anapita ku Johannesburg adakali mnyamata, ndipo anayamba kumenya nkhonya zolipidwa mu 2005 ali ndi zaka 18. Mu 2010 anatenga lamba wa dziko lonse wa bungwe la IBO. Mu 2012 anagonjetsa Edison Miranda ku Las Vegas. Mu March 2013 anapita ku Liverpool kukamenyana ndi Tony Bellew kwawo kwenikweni, pamaso pa anthu ake, ndipo oweruza anati afanana mphamvu. Atabwereza ku London miyezi iwiri yotsatira, Bellew anapambana pa mapointi.

Mu July 2016 Chilemba anapita ku Ekaterinburg ku Russia kukakumana ndi Sergey Kovalev, amene pa nthawiyo anali ndi malamba atatu a dziko lonse, asanagonjepo, ndipo ambiri omwe ankakumana naye sankafika kumapeto. M'ndime yachisanu ndi chiwiri Chilemba anagwa. Anadzuka, n'kumaliza ndime zonse 12. Anagonja pa mapointi, koma dziko linamudziwa. Mu August 2018 anamenyananso ndime 12 ndi Dmitry Bivol ku Atlantic City. Bivol ameneyu ndi yemwe anadzagonjetsa Canelo Alvarez mu 2022. Mwana wa ku Blantyre anaima ndi anthu amenewa mpaka belu lomaliza.

Chomwe akatswiri ankamutamandira Chilemba ndikufuna muchisunge. Sankadziwika ndi chibakera chokomola. Ankadziwika ndi kuzinda, kuyendetsa miyendo, kuwerenga mnzake, kusalola kumenyedwa mwachisawawa. Kunena mwachidule, ankamenya ndi mutu wake uli m'malo. Inu amene mukuganiza kuti masewerawa ndi a munthu waukali, wosachedwa kupsa mtima, mwalemba m'madzi. Wopsa mtima amatopa m'ndime yoyamba, yachiwiri amakhala akuwerenga nyenyezi.

Atsikana, musaganize kuti ndakuiwalani. Anisha Bashir, Mmalawi mnzathu, anagonja nkhonya zake zisanu zoyambirira motsatizana. Wina akanangoti basi, si zanga izi. Iye anapitiriza, anayamba kupambana mokomola, ndipo mu 2018 anapita ku London n'kukatenga lamba wa Commonwealth m'ndime yoyamba. Ndiye ngati gululi liyambe, lisakhale la anyamata okha.

Tsopano ndinene zomwe vidiyo ya mphindi ziwiri siikuonetsani.

Choyamba ndi ndalama. Omenya atsopano ku UFC nthawi zambiri amayambira pa madola 10,000 kapena 12,000 pa nkhondo imodzi, ndi ena ofanana nawo ngati apambana. Mukasintha m'makwacha mutu umazungulira, ndikudziwa. Koma pamenepo pachoke msonkho, pachoke gawo la manijala, la aphunzitsi, la jimu, chakudya cha miyezi iwiri kapena itatu yokonzekera, ndi lendi ya ku America. Ndiye munthu amamenya kawiri kapena katatu pa chaka, ngati sanavulale. Akavulala, palibe malipiro a pamwezi. Akagonja kangapo motsatizana, kontirakiti imatha. N'chifukwa chake munthu ngati Gorimbo anapezeka ndi madola 7 ali kale mu UFC. Mayi amene amagulitsa tomato ndi kabichi pamsewu wa Salima apa amadziwa kuti mawa adzatsegulanso benchi lake. Womenya nkhonya sadziwa ngati bondo lake lidzamulola chaka chamawa.

Chachiwiri ndi sikelo. Gorimbo amamenya m'gulu la anthu osapitirira makilogalamu 77. Ambiri m'gulu limenelo amalemera kuposa pamenepo masiku wamba, ndiye sabata ya nkhondo amadzimana chakudya ndi madzi, n'kumadzitulutsa thukuta mpaka milomo kuuma, kuti akwane pa sikelo. Zimenezi zimavulaza impso, ndipo alipo omwe anataya moyo. Akatswiri amachita izi pali madokotala pafupi. Ndisadzamve kuti wina wa kalabu ino wadzikulunga m'mapepala apulasitiki n'kumathamanga dzuwa lili paliwombo chifukwa anaonera pa YouTube.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, ndi mutu. Dzanja likathyoka limalumikizika. Ubongo ukagwedezeka kawirikawiri subwerera mwakale. Chilemba anagonja kwa Oleksandr Gvozdyk mu November 2016 atavulala chigongono, koma chigongono madokotala amachikonza. Kuiwalaiwala, kuyankhula mokoka lilime, kunjenjemera manja munthu atakula, zimenezo zilibe opaleshoni. Ndiye imvani bwino, kaya gulu liyamba kaya siliyamba: munthu akamenyedwa m'mutu, kaya pa mpira, kaya wagwa pa njinga ya kabaza, n'kuyamba kusanza, kuona chizungulire, kuiwala zomwe zachitika, kapena kugona tulo tosadzutsika bwino, musamuthire madzi n'kumati alimba. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachinayi ndi ulendo wa ku Joni. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukamva za Gorimbo mukumva chinthu chimodzi chokha: anawoloka wopanda mapepala ndipo zinamuyendera. Chimodzimodzi Francis Ngannou wa ku Cameroon, amene ankakumba mchenga ali mwana, anadutsa m'chipululu mpaka ku Morocco, anatsekeredwa miyezi iwiri ku Spain, anagona m'misewu ya Paris, kenako n'kudzakhala katswiri wa UFC mu 2021. Nkhani zimenezi n'zoona. Koma timazimva chifukwa eni ake anapulumuka n'kutchuka. Amene anatengedwa ndi madzi a Limpopo, amene anafera m'malole otsekedwa, amene anakhala miyezi ku Lindela kudikira kubwezedwa kwawo atanyamula jumbo yokha, palibe amawajambula filimu. Pafupifupi mudzi uliwonse kuno uli ndi banja lomwe likudikirabe foni ya mwana wawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati udzapite kunja chifukwa cha masewera, upite ndi pasipoti, woitanidwa, dzina lako likudziwika kale kuno kwanu.

Ndiye maganizo anga ndi otani? Ine ndikuti gululi liyambe. Ndikutero chifukwa mphamvu zomwe zili mwa inu zikusowa kopita. Mnyamata amene wathamanga kukwera phiri m'mawa, wamenya thumba madzulo, safuna za kachasu usiku, amangofuna nsima ndi mphasa. Ndipo zambiri zofunika poyambira tili nazo kale. Anzathu a m'tauni amalipira ndalama kuti athamange pa makina okwezeka ngati chitunda. Ife zitunda tinabadwira pomwepo. Chingwe chodumpha chilipo. Matayala akale alipo. Thumba tikhoza kusoka la chiguduli n'kuikamo utuchi ndi nsanza, osati mchenga wokhawokha, chifukwa umalimba ngati mwala n'kuvulaza manja.

Koma ndikupempha kuti tikavota, tivotere pamodzi ndi malamulo awa.

Aliyense wosakwana zaka 18 abwere ndi chilolezo cha makolo kapena womuyang'anira, ndipo komiti ikaonane ndi amfumu tisanayambe, kuti asadzamvere kwa anthu.

Miyezi yoyambirira ikhale ya kuthamanga, kudumpha chingwe, kaimidwe, kuzinda ndi kumenya thumba. Palibe kumenyana kumutu mpaka titapeza mphunzitsi wodziwa ntchito, magolovesi enieni, zotchingira mano ndi zipewa zake. Kukanyangana pakhosi kongoonera pa foni n'koletsedwa kotheratu, chifukwa masekondi ochepa okha munthu amakomoka, ndipo wosaphunzira sadziwa posiyira.

Mphunzitsi timufunefune kudzera ku ofesi ya zamasewera ya boma lathu la Dowa ndi ku bungwe la nkhonya la Malawi Boxing Association. Lilongwe sili kutali, ndipo ambiri mwa ankhonya odziwika m'dziko muno anachokera ku usilikali. Tikalemba kalata yabwino, wina akhoza kumabwera ngakhale kamodzi pa mwezi. Tiyambire nkhonya chifukwa ndi zomwe zili ndi mabungwe, aphunzitsi ndi mipikisano kuno kwathu. Wofuna za m'khola adzapeza maziko ali kale.

Wa pasukulu akajomba m'kalasi, ajombenso ku masewera sabata imeneyo. Chilemba ndi Gorimbo amasaina makontirakiti a Chingerezi a masamba ambirimbiri. Wosadziwa kuwerenga amamenyedwa kawiri, m'khola ndi pa pepala.

Ndipo lomaliza: aliyense wa gululi amene adzamenye munthu kunja, kaya kumsika, kaya ku mpira, kaya mlongo wake, kaya chibwenzi chake, kaya mkazi wake, achotsedwe tsiku lomwelo, popanda kukambirana. Amene akuopa kuti tiweta zigawenga ali ndi chifukwa chomveka choopera, ndipo lamulo limeneli ndilo yankho lathu kwa iwo. Tikadzalephera kulisunga ngakhale kamodzi, iwo adzakhala kuti ananena zoona, ndipo gululo lidzayenera kutsekedwa.

Kunena zoona, mwa anthu tonse tili muno mwina palibe amene adzafike ku UFC. Mwina mmodzi adzamenya ku Lilongwe, mwina wina adzavala malaya a dziko lino, ndipo tidzapita kukamuchemerera. Enanu mudzakhala alimi, aphunzitsi, amakaniki, anamwino, a mabizinesi. Koma mudzakhala mutaphunzira kudzuka nthawi yake, kugonja osalira, kupambana osanyoza, ndi kugwira mtima wina akakuputani. Ndipo ngati mmodzi wa inu adzapeze mwayi waukulu tsiku lina, ndikhulupirira adzakumbukira zomwe Gorimbo anachita ndi madola ake 7,000 oyamba aja, chifukwa midzi yofuna mjigo ndi yambiri kuno.

Loweruka likubwerali tikumana nthawi yomwe ija. Bwerani ndi maganizo anu, otsutsa ndi ovomereza omwe, ndipo amene makolo anu ali ndi mafunso, abwere nawo adzafunse okha. Atsikana, mudzayankhule, musadzangokhala kumbuyo. Alembi adzakhala ndi kope lolembamo mayina a ofuna kulowa gululi ngati voti idutsa.